Phazi Langa Silinakuwe

Zikomo amayi ndi abambo, zikomonso anesi pondipatsa mpata. Ndikudziwa kuti mwalawirira, ambiri simunalawe kanthu podikira kuti akuyezeni shuga, ndipo munthu wanjala samva ulaliki. Sinditalikitsa. Koma pa mabenchi pano pali wina amene wabwera ndi phazi lokulunga m'nsalu, ndipo mawu angawa kwenikweni ndi a iyeyo. Enanu mungomvera nawo.

Ine ndine Jailosi Namacha, ndimakhala ku Chikanda. Ena mumandidziwa, ndine telala uja wosoka pakhonde la sitolo ya a Haji mtauni muno. Anthu amati telala amadyera manja. Bodza limenelo. Manja amangolondolera nsalu, amene amapalasa makina ndi phazi. Ana anga aphunzira sukulu ndi phazi lamanja ili, ndipo ndi lomweli limene ndinatsala pang'ono kulisiya m'chipatala muno.

Anandipeza ndi shuga ndili wonenepa bwino, anthu akunditcha bwana. Anandipatsa mapiritsi, ndinamwa miyezi ingapo, nditaona kuti thupi lapepuka ndinawasiya. Tiyi ndinabwerera wakale uja, woti supuni iimirire yokha m'kapu. Loweruka kumowa. Kenako mapazi anayamba zachilendo. Poyamba ankatentha ngati ndaponda phulusa lamoto, kenako dzanzi, kenako poyenda ndinkamva ngati ndikuponda thonje. Patapata ankandivuka panjira ine osadziwa, mpaka wina andikuwire kumbuyo.

Kuchipatala sindinabwerere, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa. Kwathu ku Chikanda kunali bambo wina wa kabaza amene anabwera kuno ndi kachilonda, n'kubwerera ndi ndodo ziwiri, mwendo palibe. Kuyambira pamenepo tonse tinagwirizana chimodzi, kuti kuchipatala akangomva kuti shuga amathamangira macheka. Palibe anafunsa kuti bamboyo anakasunga nthawi yaitali bwanji kachilondako asanabwere nako.

Ndiye ndinayamba ulendo umene ambiri a inu mwauyendapo, musandiyang'ane ngati simukuudziwa. Nimu ndinamwa mpaka lilime linaiwala kukoma kwa ndiwo. Mabotolo a pa depoti aja, amene pa chinkuzamawu amati amachiza shuga, mphumu, nyamakazi ndi kufooka m'banja, zonse m'botolo limodzi, ndinagula. Sing'anga wina wa cha ku Jali anandiuza kuti ndinaponda mankhwala amene ananditchera telala mnzanga, n'kunditemera mphini m'akakolo. Telalayo ndinasiya kumupatsa moni, munthu wosalakwa.

Pansi pa chala chachikulu, pamene phazi limakanikiza chopondera cha makina, khungu linali litalimba ngati chikopa. Tsiku lina ntchito itachepa ndinatenga lezala langa lodulira ulusi n'kuyamba kupala. Ndinapala mopitirira muyeso. Ndinadziwira magazi amene ndinaona pasimenti, osati kuwawa ayi. Kachilonda kake kanali kochepa ngati batani la shati, koma kanakana kupola.

Unali mwezi wa Juni, chiperoni chikutsika m'phiri. Alamu anga a Makawa, amuna awo a achemwali anga a Esitere, amacheka matabwa kumtunda kuphiriko. Lamulungu lina anatsika ndi thumba la masamba: bulugama, mpungabwi, ndi makungwa ena amene anakana kutchula dzina lake. Anati mapazi anga alowa chisanu, magazi aundana, ndipo mankhwala ake ndi kuthowa. Anawonjezera lamulo limene tonse tinakula nalo, lakuti pothowa madzi atenthe mpaka wodwala akuwe. Akakuwa, ndiye kuti mankhwala alowa.

Mumve bwino apa, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. Kwathu kuno pothowa sitiyeza madzi ndi china chilichonse. Choyezera ndi wodwalayo. Mwana akabinya mwendo, amake amathowa, iye akati mayo ine, amadziwa kuti pakwana. Nafe tinatsata zomwezo.

Akazi anga, make Tamanda, anawiritsa masamba aja pambaula. Ankaviika kansalu, kufinya, kuika paphazi. Nthunzi ndinkaiona, koma osamva kanthu. Iwo akufinya uku akuuzira zala zawo. Ndinawakalipira. Ndinati madzi awa ngosambitsira khanda, kodi mukundimvera chisoni kapena mukuumira makala? Anati madzi atentha kale, manja awo akupsa. Ndinati manja a akazi a masiku ano ngofewa, ndipo popeza zawakanika abweretse beseni, ndiviike ndekha phazi, iwo azingothira kuchokera m'ketulo.

Mwaona zimene ndinachita? M'nyumba monsemo munali chinthu chimodzi chokha chodziwa kutentha kwa madzi aja, manja a mkazi wanga, ndipo ine ndinawachotsapo.

Akathira ankafunsa, "Kwatentha?"

Ine ndinkati, "Onjezani."

Anathira mpaka ketulo inatha, anatereka ina. Alamu anga anapukusa mutu n'kunena kuti chibadwire sanaone mwamuna wopirira chotere. Ine mapewa m'mwamba.

Kutacha phazi linali litatuwa ngati nkhuku yoviika m'madzi owira, matuza kuyambira kuzala mpaka m'kakolo. Make Tamanda analira, anati tipite kuchipatala. Ndinawafunsa ngati akufuna mwamuna wa mwendo umodzi. Ndinatumiza mawu kwa alamu kuphiri, yankho linabwera lakuti tisaope, matuzawo ndi chisanu chimene chikutuluka, tingowaboola. Singano ndinali nazo zambiri. Tinaboola. Ndinapaka uchi, kenako phulusa la makungwa aja, kenako ufa wa m'makapisozi ogula pa kagolosale, n'kumakulunga ndi zidutswa za nsalu zotsala posoka. Phazi langa linkatchena kuposa mwini wake, lero chitenje cha maluwa, mawa nsalu yoyera ya diresi la mkwatibwi.

Kuntchito ndinkapita. Inali nyengo ya maukwati, komanso atsikana a pa koleji ya ku Chirunga anali atandisiyira madiresi awo. Phazi losawawa, ndikhaliranji pakhomo? Koma fungo silibisika. Makasitomala anayamba kuimira patali potenga zovala zawo, wina mpaka ananamizira khoswe kuti wafera m'ngalande. A Haji, eni sitolo, nawonso ngodwala shuga, wa zaka zambiri. Masana ena anatuluka, anakhala pa mpando wa makasitomala, chinthu chimene anali asanachitepo, n'kundiuza motsitsa mawu kuti fungolo akulidziwa, bambo awo anapita nalo kumanda. Anati galimoto ili apo, anditengere kuchipatala nthawi yomweyo. Ndinawayankha mwamwano kuti ngati ndikuwathamangitsira makasitomala angonena. Ndinafunditsa makina n'kupita kunyumba. Amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma ine tsiku limenelo ndinamuyesa mdani.

Kunyumba ndinagwa mphasa. Thupi kutentha, kunjenjemera dzuwa lili paliwombo. Zala ziwiri zinada ngati makala. Mbiri inakafika kwa achemwali anga ku Mtiya, ndipo inafika itamera mchira, wakuti make Tamanda aphika dala phazi la mwamuna wawo kuti ndife, iwo atsale ndi makina ndi nyumba. Achemwali anabwera ndi amuna awo, alamu aja, pamodzi ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri.

Anandikhazika pampando pakhonde, mapazi onse atawafunditsa chitenje chifukwa cha ntchentche. Make Tamanda anakhala pamphasa pafupi ndi miyendo yanga, pambali pawo pali beseni la zovala zimene anali atangoanula. Achemwali anayamba. Amene mukuwadziwa a Esitere mukudziwa kuti akayamba sapumira. Anati ndi mkazi wanji wothira madzi owira pa mwendo wa mwamuna wake, ngakhale nkhumba amayamba aipha kaye. Anati alongedze azipita kwawo ku Mayaka, mchimwene wawo adzamusamala okha. Alamu anga, eni masamba aja, ankangoyang'ana phiri.

Nanga ine? Apa ndiye pansi penipeni pamene ndinafika, anzanga, kuposa kununkha kwa phazi. Ndinkadziwa kuti amene ankati onjezani ndi ine, koma ndinakhala duu. Kuvomera kukanatanthauza kuti ndine chitsiru, ndipo ndinaona kuti kuli bwino mkazi wanga atchedwe mfiti kusiyana n'kuti ine nditchedwe chitsiru. Ankhoswe atafunsa maganizo anga, ndinati mutu ukundiwawa, aweruze okha.

Nthawi yonseyo make Tamanda anali ataweramitsa mutu, manja ali m'munsi. Ankhoswe atawapatsa mpata, anatembenukira kwa ine.

"Bambo a Tamanda, phazi lowolalo tilisiye kaye. Phazi lanu lamanzere, labwinolo, likumva bwanji?"

Ndinati lili bwinobwino.

"Palibe chimene chikukupwetekani?"

Ndinati palibe, ndipo asandifunse zopusa pamaso pa anthu.

Anakoka chitenje chija pang'onopang'ono. Pa zala za phazi langa lamanzere panali mapegi oyanikira zovala, chala chilichonse pegi yake, a waya wolimba aja, atapana mpaka nsonga za zala zinatuwa.

"Ndawapana pamene achemwali anu amayamba kuyankhula," anatero. Kenako anayang'ana ankhoswe. "Munthu ameneyu ndi amene ndinkamufunsa ngati madzi atentha."

Anatambasula manja awo, kuonetsa zipsera za m'zala, za tsiku lija la kansalu.

Ndinaliyang'ana phazi lija. Mumtima ndinkalichonderera kuti imva, imva ngakhale pang'ono. Ndinagwedeza zala, mapegi anagwedera, koma zinali ngati ndikuonerera phazi la munthu wina. Ndinachita mantha amene sindinachitepo. Nthawi yonseyi ndinkadzitama kuti ndine mwamuna wopirira, pamene panalibe chimene ndinkapirira. Munthu umapirira chimene ukuchimva. Ndipo ngati labwinolo linali chotero, ndiye kuti lamanjalo likanawola mpaka m'bondo ine ndikulumbirabe kuti silikupweteka.

Ndinalira pamaso pa ankhoswe, mwamuna wamkulu. Ndinanena zonse, za kansalu, za beseni, za mawu anga achipongwe, ndiponso kuti amene anayamba kunena za kuchipatala ndi mkazi yemweyo amene akumuthamangitsa. Achemwali anayamba kukonza duku lawo limene linali bwinobwino. Ndinapempha kuti wina aimbire a Haji. Anabwera okha ndi galimoto, ndipo njira yonse sanandikumbutse mwano wanga.

Kuno atamasula nsalu zanga zokongola zija, nesi wina anayamba watuluka kaye panja. Adokotala anali mayi wachitsikana, msinkhu wa mwana wanga Tamanda. Sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kukalipa. Anafunsa zonse zimene ndinapakapo, ndinatchula chimodzichimodzi, manyazi ali tho. Anandifotokozera kuti shuga akakhala wokwera nthawi yaitali amapha mitsempha yomvera, kuyambira kumapazi, ndiponso amachedwetsa chilonda kupola. Anati zala zakudazo zapita kale, pamenepo palibe zokambirana. Nkhani inali pa phazi.

Kutupa kunali kutakwera kupitirira kakolo, khungu likunyezimira. Adokotala anatulutsa cholembera m'thumba n'kujambula mzere kuzungulira mwendo wanga, pamwamba pang'ono pa pamene kutupako kunalekezera. Anati andichotsa zowolazo, andiika madiripi ndi majakisoni amphamvu, ndiye tiona. Kutupa kukadumpha mzerewo, adzadula m'munsi mwa bondo kuti apulumutse moyo wanga.

Anzanga, ine ndine telala. Ndimadziwa kuti pamene padutsa choko pamadzadutsa sizasi. Zaka zonsezi ndakhala ndikulemba mizere pa nsalu za anthu, ndipo tsiku limenelo nsalu ndinali ine.

Masiku otsatirawo sindinkaona china koma mzere uja. Chakudya chikabwera, maso pa mzere. Abusa akabwera kudzapemphera, anthu onse atsinzina, ine diso limodzi lili pa mzere. Pa bedi loyandikana nane panali mkulu wina wa ku Chingale, nayenso wa mzere wake. Kwa iye kutupa kunadumpha. Anamutenga m'mawa, anabwera naye masana bulangete litaphwa mbali imodzi. Tsiku lomwelo kwa ine kutupa kunafika pa mzere penipeni. Ndinasiya kudya. Make Tamanda ankayeza mwendo ndi tepi yanga yoyezera makasitomala, m'mawa ndi madzulo, osandiuza chimene apeza, ndipo ine ndinkaopa kufunsa.

Alamu anga anabwera kudzandizonda ali ndi kabotolo m'jekete. Ananong'ona kuti awa ndiye enieni, tipake anesi akatuluka. Ndisaname, mtima wanga unapendekera komweko, pakuti munthu womira amagwira ndi udzu womwe. Make Tamanda analandira kabotoloko ndi manja awiri, mwaulemu wonse, anathokoza, n'kupita nako kwa anesi.

M'mawa wina adokotala anabwera, anakanikiza ndi chala pamwamba pa mzere, kenako pansi pake, anagwira khungu ndi kuseri kwa dzanja. Make Tamanda anali atagwira chitsulo cha bedi.

"Bambo," anatero adokotala, "kwayamba kubwerera."

Ndinadzutsa mutu kuti ndione ndekha. Pansi pa mzere khungu linali litachita makwinya. Sindinkadziwa kuti makwinya angakongole chotero.

Chala chachikulu ndi chinzake zinapita. Phazi anandisiyira. Chilonda chinatenga nthawi, ndinkabwera kudzatsukitsa mpaka alonda a pageti anandizolowera, ndipo makina anakhala chifundire mpaka mvula inagwa n'kusiya. Amene anatidyetsa ndi make Tamanda, ndi geni ya mandasi amene ine sindiloledwa n'kulawa komwe. Nditabwerera pakhonde ndinaphunziranso kupalasa ngati wongoyamba kumene, chidendene chamanja kumbuyo, phazi lamanzere kutsogolo. Msoko woyamba unakhotakhota ngati msewu wokwera kuphiri. Telala mnzanga uja ndinkati ananditchera ndi amene anandimalizira madiresi a anthu pamene ndinali m'chipatala. Ndinakamupatsa moni wa miyezi yonse imene ndinamumana.

Zimene ndimachita tsopano si zanzeru zambiri ayi. Mapiritsi ndimamwa ngakhale tsiku limene ndikudzimva ngati mnyamata. Popeza mapazi anga samva, ndinawabwereka maso: galasi lodziyang'anira makasitomala anga ndimaliika pansi ndisanaweruke, kuona kunsi kwa phazi ndi pakati pa zala. Nsapato ndisanavale ndimayamba ndapisamo dzanja, pakuti kuntchito kwanga mapini ali ponseponse, ndipo tsiku lina ndinapezamo singano itaima chilili. Popanda nsapato sindiyenda, ngakhale popita kubafa. Lezala pa phazi ayi, khungu likalimba ndimabwera nalo kuno. Kukazizira ndimavala masokosi, mbaula ikhale kutali. Kupukuta pakati pa zala ndinaonera a Haji, amene amasamba mapazi asanapemphere ndipo sasiyana ndi kathaulo kawo.

Musamve ngati ndabwera kudzatukwana mitengo. Chamwamba ndimadya m'ndiwo, ndipo anesi ndinawauza. Bulugama sanalakwe, chimfine chikandigwira ndimapumira nthunzi yake mpaka lero. Alamu anga sankafuna kundipha, anandipatsa chomwe amapatsa ana awo. Koma kuthowa kunapangidwira munthu amene angathe kukuwa, ndipo ambiri a ife a shuga mapazi athu sadzakuwa. Chilichonse chimene mwamwa kapena mwapaka, chinenereni kuno, sakumenyani. Chilonda cha paphazi, kaya chichepe ngati batani, musayambe mwachiyendetsa kwa alamu ndi kwa a pa depoti.

Achemwali anga anapepesa mwa njira yawo, anabweretsa nkhuku n'kuisiya kukhitchini osanena kanthu. Ine ndinapepesa ndi pakamwa, ndipo ndikupepesabe. Pegi imodzi ndimayenda nayo m'thumba, iyi mukuionayi. Madzulo make Tamanda akamandikonzera madzi osambitsa mapazi, ofunda chabe, amayamba aviikamo chigongono chawo. Nthawi zina amandiseka n'kufunsa, "Kwatentha?" Ndimayankha zoona zokhazokha: "Sindikudziwa, mayi. Mundiuze ndinu."

Tsopano bambo inu mwakhala kumapeto kwa benchi, musaope, dzina lanu sindikulidziwa. Chiyambire kuyankhula kwanga phazi mwalikokera kunsi kwa benchi, ndipo mfundo imene mwamanga pa nsaluyo ndi yomwe ndinkamanga ine. Mundiuza kuti silikupweteka. Ndikukukhulupirirani, ndipo n'chifukwa chake ndikuchita mantha. Akakuitanani musakangopereka chala cha dzanja kuti ayeze shuga n'kutuluka. Mukamasule nsaluyo. Ine ndilowa nanu, ndikugwirirani ndodo. Tiyeni lero lomwe, cholembera cha adokotala chikadali m'thumba.